Mayi anga anasowa m'foni, tinakawapeza m'galimoto ya fodya

Anzanga a mumsika, inu amene mumaswera pakati pa phokoso la masipika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, lero mundilole ndikusimbireni zomwe zinandionekera kwathu kwa Njombwa, ku Kasungu. Nkhani yake ndi mkangano womwe uja timakangana pa benchi makasitomala akasowa: kodi nyimbo imamveka bwino pa CD kapena pa foni? Ine yankho ndinali nalo kalekale, ndipo ndinkalinena mokweza. Koma kumudzi ndinabwerako nditafatsa.

Muyambe mwadziwa kuti pa nkhani ya nyimbo ine si mlendo ayi. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, bambo anga anali m'gulu la oyamba kumanga chigafa m'mudzi mwathu. Mu 1995, atagulitsa mabelo awo ku okushoni ya ku Kanengo, anabwera ndi wailesi ya kaseti ya masipika awiri atainyamula paphewa ngati mwana. Madzulo mudzi wonse unkasonkhana pakhonde pathu. Ntchito yanga inali yobweza kaseti ndi bolopeni kuti mabatire asathe msanga.

Mu 1998 ndinalowa m'tauni ya Lilongwe n'kuyamba geni ya makaseti. Tinkakaoda ku Limbe kwa O.G. Issa, makaseti okhala ndi kachizindikiro ka COSOMA, bungwe lija linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza ntchito za oimba ndi olemba. Kaseti ya Lucius Banda ikatuluka, katoni inkatha dzuwa lisanafike pamutu. Ya Evison Matafale ndiye musachite kunena. Kenaka kunabwera ma CD, tinasintha katundu. Kenaka kunabwera timemori ndi mafulashi, ma CD n'kugwa. Lero pa benchi yanga mupezapo machaja, mahedifoni, makava a foni ndi timasipika ta Bluetooth. Nyimbo sindigulitsanso, koma khutu ndinkati ndikadali nalo.

Tsono nkhani yeniyeni nayi. Mayi anga anali a kwaya ya amayi a Chigwirizano pa tchalitchi cha kwathu. Mu 2008 amayiwo anasonkha ndalama, wina ya mtedza, wina yopempha kwa bambo a kunyumba fodya atagulitsidwa, n'kukwera lole kupita ku Lilongwe kukajambula nyimbo 10 ku situdiyo ina yaing'ono. Anatulutsa ma CD ochepa chabe, ogawana okhaokha ndi kugulitsa pa misonkhano ya mpingo. Imodzi anandipatsa ine. Mayi ankaimba alito, mawu aja okhala pansi pa mawu otsogolera, osadzionetsera koma akachoka nyimbo imachita ngati ndiwo yopanda mchere.

Mayi anatisiya mu 2019. Mu Ogasiti 2025, malonda a fodya atatipatsako mpweya, tinagwirizana apabanja kuti timange chiliza. Usiku woti mawa ndi mwambo, amayi ali kalikiliki ndi migolo ya thobwa, bambo anali khale pampando wawo wa ndalema pafupi ndi moto. Akalamba tsopano, maso sakuonanso bwino. Anangoti, "Kodi nyimbo za akazi anga zija palibe ali nazo? Ndikufuna ndiwamve."

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene ali ku koleji, anadzuka msangamsanga. "Agogo, zili m'foni mwangamu, anaziponya pa gulu la banja." Analumikiza foni ku chisipika chachikulu chomwe tinabwereka, chija cha magetsi obiriwira ndi ofiira, n'kuyatsa.

Nyimbo inayamba. Bambo anapendeketsa mutu, namvetsera. Sipanathe mphindi, anakweza dzanja.

"Zimitsa. Agogo ako mulibe m'menemo."

"Agogo, nyimbo yake ndi yomweyi."

"Nyimbo ndi yomweyo, koma anthu akewo sindikuwadziwa. Akuimbira m'chitini."

Pabwalo panati zii. Kunena zoona nkhalamba sinaname. Mawu otsogolera ankamveka, ng'oma inkagunda mpaka m'chifuwa, koma pakati ponse panali phala. Zisekese zinkamveka ngati munthu akukazinga chimanga kutali. Alito ya mayi inali itamira.

Apo ndipo ndinakumbuka kuti CD ija ili m'chikwama mwanga. Koma abale, yesani lero kufunafuna choimbira CD m'mudzi! Nyumba iliyonse ili ndi sola ndi kasipika kolowetsa memori, koma choimbira chimbale anthu anataya kale. Tinazungulira ndi tochi mpaka wina anakumbuka kuti msuweni wathu wonyamula mabelo kupita nawo ku Chinkhoma ali ndi kagalimoto kakale, ndipo wailesi yake imameza CD. Tinamudzutsa. Anaimika galimoto pafupi ndi moto, n'kutsekula zitseko zonse ziwiri.

Chimbale chinalowa. Nyimbo isanayambe n'komwe, panamveka munthu akukoka mpweya. Mlongo wanga anagwira pakamwa. Umo ndi momwe mayi ankachitira nthawi zonse asanayambe kuimba, kaya pamtondo kaya m'tchalitchi. Kenaka mawu anabwera, aliwonse pamalo pake: otsogolera apa, alito apo, zisekese pambali zikumveka njere iliyonse. Bambo anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Sanayankhule kanthu mpaka nyimbo ya nambala 6.

Ine mtima unali m'mwamba. Ndinamuyang'ana mphwanga monyodola. "Waona iwe? Zanu za mafonizi n'zachibwana. Chimbale ndi chimbale."

Pakamwa padandipachika. Nyimbo ya nambala 7 itangoyamba, ija mayi anatsogolera okha ndime yoyamba, chimbale chinayamba chibwibwi. Liwu limodzi kubwereza, kubwereza, kenaka kulumpha mpaka nambala 8. Tinachitulutsa, kuchipukuta ndi malaya, kuchiuzira mpweya, koma ayi ndithu. Titachiunika ndi tochi tinaona mzere wakuya wozungulira. Wolakwa sanali wina koma ine. Chikuto chake chinasweka kalekale, ndipo kwa zaka ndinkangochiponya m'chikwama pamodzi ndi makiyi ndi machaja.

Bambo anafunsa, "Nanga ija anayambitsa okha ija?"

Mphwanga sananene mawu onyoza. Anangotenga foni yake mwakachetechete n'kuiyatsa nyimbo ya nambala 7, ya m'chitini yomweyo. Poti pa ndime imeneyo mayi ankaimba okha popanda owaphimba, mawu awo ankazindikirika ndithu, ngakhale anali opyapyala. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto. Chomwe chimbale changa chinataya, foni yonyozeka ija ndiyo inasunga.

Anthu atagona, ine ndi mphwanga tinatsala pamoto. Ndinamufunsa kuti, "Tandiuza, popeza ndiwe wa sukulu, chinawadya agogo ako m'fonimo n'chiyani?"

Tinayamba kulondola m'mene nyimboyo inayendera. Zinapezeka kuti wachibale wina anatengera CD yake kwa anyamata obena nyimbo pa sitolo, ndipo mnyamatayo anazifinya kwambiri kuti nyimbo mazanamazana zikwane pa kamemori kakang'ono. Patapita zaka, wina anaziyatsa pa wailesi n'kuzijambula ndi foni ngati uthenga wa mawu, ndiye n'kuziponya pa gulu. Inu ogulitsa usipa mukudziwa: thumba likachoka kunyanja n'kudutsa m'manja mwa anthu anayi, aliyense n'kutapako kambale, lofika pamsika silikhalanso thumba.

Mphwanga anandifotokozera masamu ake, ndipo ndikupatsirani monga ndinawamvera. CD inatulukira mu 1982, ntchito ya makampani a Sony ndi Philips. Pojambula, makina amayeza mawu maulendo 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo zonse zoyezedwazo zimasungidwa osatayapo. Kulemera kwake amati 1,411 kbps. M'chiyankhulo cha ife ogula mabandulo, ndiye kuti mphindi imodzi ya nyimbo imadya pafupifupi 10 MB, nyimbo ya mphindi 5 n'kupitirira 50 MB. N'chifukwa chake CD ya 700 MB imangonyamula nyimbo za mphindi 80 basi.

Katundu wolemera chotere sakanayenda pa intaneti ya kale. Ndiye akatswiri, makamaka a ku Germany, anakonza njira ya MP3 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nzeru yake ndi iyi: mukakhala m'chigayo injini ikulira, mnzanu akanong'ona simumva. Khutu la munthu limatero, phokoso lalikulu limabisa laling'ono loyandikana nalo. Tsono MP3 imafufuza timawu tomwe ikuganiza kuti khutu silitimva, n'kutitaya. MP3 wamba ya 128 kbps imasandutsa nyimbo ya 50 MB ija kukhala pafupifupi 5 MB. Pa magawo 11, amatsala ndi limodzi.

Ndinati, "Ndiye kuba kumeneko!"

Iye anati, "Ayi amalume, zimatengera wataya zochuluka bwanji. Ukataya pang'ono, khutu silidziwa. Ukataya kwambiri, zoyamba kupita ndi zisekese, mpweya wa woimba, ndi mawu apakati ngati a agogo aja. Ndipo chomwe chatayidwa sichibwereranso. Ukafinya chofinyafinya, ndiye umapeza chitini chija."

Anapitiriza kuti kumvera nyimbo pa intaneti, komwe anyamata akuti streaming, nako kuli ndi magiredi ngati fodya. Anapereka chitsanzo cha Spotify, yomwe inafika ku Malawi mu 2021. Pa foni munthu amasankha yekha: pali giredi ya pansi ya 24 kbps yopulumutsa bandulo, pali ya 96, pali ya 160, ndipo olipira pamwezi amafika pa 320. Palinso mtundu wina wosataya kanthu, womwe amati lossless. Umenewu uli ngati jeke yodindira fodya: belo limachepa msinkhu, koma ukalimasula masamba onse alimo. Apple Music inayamba kupereka mtundu umenewu mu 2021, ndipo Spotify inayamba mu Seputembala 2025 m'maiko angapo. Pamenepo nyimbo ya pa intaneti imafanana ndi CD, mwinanso kuposa, ngati mwini nyimbo anaperekako kope labwino.

Koma mtengo wake ulipo. Bandulo ya 1 GB, ukamamvera pa giredi ya CD, imatha ndi nyimbo za mphindi 5 zosapitirira 20. Pa 128 kbps bandulo yomweyo ikupatsa nyimbo pafupifupi 200. Ndani wa ife angasankhe 20? Komanso kumudzi ngati kwathu, komwe netiweki imabwera ndi kupita ngati mvula ya Okutobala, mapulogalamu ambiri amatsitsa okha giredi kuti nyimbo isadukeduke. Iwe osadziwa, ukungoona kuti nyimbo ikuyenda.

Ine ndinakanabe. Ndinati khutu langa lagulitsa nyimbo zaka zoposa 15, silinganamizidwe. Mphwanga anati, "Tiyese mawa mwambo ukatha."

Chiliza titavundukula, alendo atabalalika, tinakwera kagalimoto kaja mpaka pa Chinkhoma pomwe netiweki imagwira bwino. Msuweni anali ndi CD yeniyeni ya Black Missionaries, yogula ndi chikuto chake. Mphwanga anapeza nyimbo yomweyo pa intaneti, anaika pa giredi ya 320, n'kulumikiza foni ku wailesi ya galimoto ndi waya. Anandimanga kumaso ndi chitenje. Ankayatsa uku, kuyatsa uku, mphamvu ya mawu atailinganiza, ine n'kumanena kuti iyi ndi CD, iyi ndi foni.

Abale, manyazi. Pa maulendo 10 ndinalondola 5. Ngakhale mwana woponya ndalama m'mwamba akanapeza chimodzimodzi. Anyamata a kabaza omwe anatizungulira anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma atatsitsa giredi kufika pansi penipeni, ndinazindikira nthawi yomweyo, ngakhale a kabaza aja anati, "Iyi ndiye yaphwa."

Mphwanga anandiuzanso china chowawa. Khutu la mwana limamva mawu osongoka mpaka kunjenjemera 20,000 pa sekondi, koma munthu akamakula malire amenewo amatsika, makamaka amene wakhala zaka pafupi ndi masipika olira kwambiri. Ndiye kuti zina zomwe ndinkadzitama kuti ndimamva pa CD, ndinasiya kuzimva kalekale pa benchi yanga yomwe.

Pobwerera m'galimoto ndinakhala chete, chifukwa ndinakumbuka tchimo langa. Zaka zomaliza za geni ya ma CD, katundu weniweni atayamba kudula, ambiri a ife tinkagulitsa zimbale zobena. Zina zinkakhala ndi nyimbo 100 kapena kuposa pa chimbale chimodzi, ndipo kasitomala ankasangalala kuti watchipitsa. Kodi nyimbo 100 zingakwane bwanji pamalo a mphindi 80? Zinali MP3 zofinyidwa. Zina tinkatenga MP3 yomweyo n'kuibena ngati CD wamba, kasitomala n'kumapita akuti wagula mawu apamwamba. Kunja chimbale chonyezimira, m'kati chitini. Tinkadyera oimba athu thukuta lawo, n'kumanamizanso makutu a ogula. Lero ndikamanyoza foni, ndiyenera kukumbuka kuti kufinya nyimbo sikunayambe ndi ana a lero.

Ndiye funso lija la pa benchi, yankho langa tsopano ndi ili. CD yeniyeni, yochokera ku situdiyo, imasunga mawu onse, ndipo siifuna bandulo kapena netiweki. Koma ndi yosalimba: kuikanda kamodzi, kapena kuisiya padzuwa la Kasungu, yapita. Nyimbo ya pa intaneti ya giredi yapamwamba, ambiri a ife sitingaisiyanitse ndi CD, makamaka pa masipika omwe tili nawo. Imafikanso kutali komwe chimbale sichikanafika. Taonani a Giddes Chalamanda: atajambula ndi Patience Namadingo mu 2020, mawu awo anamveka maiko akutali kudzera pa mafoni, ali ndi zaka 90. Chomwe chimaononga nyimbo si kukhala pa chimbale kapena pa foni ayi. Ndi manja omwe yadutsamo, ndi kuchuluka kwa zomwe aliyense watapako.

Kwa inu anzanga ogulitsa masipika ndi mahedifoni, pali phunziro la geni apa. Kasitomala akabweza sipika kuti ikulira moipa, musathamangire kukangana naye. Muyambe mwamufunsa kuti nyimbo yake anaitenga kuti. Muyatsireni nyimbo yabwino pa sipika yomweyo amve yekha. Mudziwenso kuti Bluetooth nayo imafinya mawu podutsa, choncho nyimbo yofinyidwa kale ikadutsanso apo imatha kuonda kawiri. Waya ndi wokhulupirika kuposa mphepo. Ndipo kasipika kokwana m'thumba sikangatulutse zonse zomwe zili mu CD, ngakhale mutakapempherera. Amene akufuna kumva bwino ayambe wagula hedifoni yabwinoko asanawononge bandulo pa giredi yapamwamba. Inu oika nyimbo m'mamemori, musafinye mpaka mafupa pofuna kuti kasitomala aone nambala yaikulu. Nyimbo 300 zomveka zimaposa 1,000 za m'chitini.

Koma phunziro lalikulu ndi la kunyumba. Nyimbo za oimba otchuka mudzazipeza pa intaneti mawa ndi mkuja. Za kwaya ya mayi anu, za ukwati wanu, za gule wa kumudzi kwanu zomwe wina anajambula, palibe kampani ya kunja yomwe ikukusungirani. Zili pa chimbale chimodzi chomwe chili m'sutikesi kapena pawindo. Pitani nacho kwa wa kompyuta lero lomwe, mumuuze akopere ngati WAV kapena FLAC, osati MP3. Akakuuzani kuti zidya malo ambiri, muuzeni kuti malowo ndi anu. Musunge makope awiri kapena atatu m'nyumba zosiyana. Ndipo potumizira abale, tumizani fayilo yeniyeniyo, osati kujambula sipika ndi foni.

Ife tinatero. Nyimbo 9 za mayi zili pa fulashi kwa ine, kwa mlongo wanga, ndi pa kompyuta ya mphwanga. Bambo tinawagulira kawailesi ka memori, tinaikamo kope labwino, ndipo akuti madzulo aliwonse amakhala nako pakhonde pomwe paja panali wailesi ya kaseti.

Yatsala ndi nambala 7. Mlongo wanga wayenda kwa amayi onse a kwaya ija amene akali moyo. Wina anati chimbale chake ana anaseweretsa, wina anati chinapsa ndi nyumba, wina anati anachimangirira m'munda kuopseza mbalame. Tamva kuti mmodzi anasamukira kwa mwana wake ku Mchinji ndi katundu wake yense, ndipo mwezi wamawa ndikupita komweko.

Pakadali pano, mukandiona mumsika ndikuimitsa wa kabaza n'kuwerama kuyang'ana chimbale chomwe wamangirira kumbuyo kwa njinga ngati galasi, musati mkulu uja wapenga. Ndikuwerenga dzina lolembedwapo.